Dzanja lamanzere la achikulire

Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 5. Ndanena poyamba pomwe kuti wina asadzandifunse kuti bwanji mapepala ananditengera miyezi yonse ija. Ku Lilongwe ndinali kalipentala ku Kawale, ndinkakhoma mabedi ndi zitseko. Kuno ku Perth, kutsidya kwa nyanja, ndinabwera motsatira mkazi wanga, amene ndi nesi pachipatala ku Midland. Mapepala a ulendo anali ake. Ine ndinangokwera ndege ngati chikwama chake chachiwiri.

Ndinayamba ndi kukolopa m'maofesi. Kenako ndinachita kakosi kakafupi, kampani ina yosamalira anthu olumala n'kundilemba ntchito. Kukosiko anatiphunzitsa kusambitsa chidole. Bambo anga anagona pamphasa zaka zitatu asanamwalire, ndipo wowasambitsa, wowatembenuza, wowadyetsa ndinali ine. Chidole sichilemera, sichichita manyazi, sichikutukwana.

M'mawa wina kampani inanditumiza kunyumba ina kufupi ndi siteshoni ya sitima ku Midland. Anatsegula chitseko ndi mayi wachikulire. Anayang'ana dzina pa baji yanga n'kundifunsa m'Chichewa kuti, "Kodi ndinu akumudzi?" Nditavomera anandilowetsa m'nyumba.

Wodwala anali amuna awo. Anali katswiri wa miyala kumigodi ya kumpoto, opita kuntchito pa ndege aja, milungu iwiri kutchire, umodzi kunyumba. Sitiroko inawapha mbali yonse ya kumanja, mkono ndi mwendo. Inawalandanso Chingerezi. Kumva amamva chonse, koma kuti achitulutse ayi. Chinatsala ndi Chichewa cha kwawo ku Dedza, nachonso chimatuluka liwu limodzilimodzi, umafunika kudikira.

Ine ndisanafike kunkabwera anthu osiyanasiyana, lero uyu mawa wina, ambiri atsikana a msinkhu wa mwana wawo. Ankawaitana ndi dzina lawo loyamba ngati mnzawo wa m'kalasi. Munthu wa imvi. Akafuna kuwavula kuti awasambitse, iwo ankagwira malaya ndi dzanja lotsalalo osasiya. Atsikanawo n'kumalemba papepala kuti ndi munthu wovuta.

Ine ndinalowa, ndinagwada pambali pa njinga yawo, n'kunena kuti, "Mwadzuka bwanji, achikulire?" Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anati, "Mphwanga." Kuyambira tsiku limenelo ndine mphwawo, ndipo akazi awo timaitanana kuti alamu, ngakhale palibe chibale chilichonse.

Tsiku lomwelo ndinaona chinthu chimene chinandinyansa. Nthawi ya phala itakwana, alamu anaika mbale patebulo n'kuika supuni kumanzere, monga anawauzira akuchipatala. Achikulire anaigwira. Dzanja likunjenjemera, phala lina pakamwa, lina pachibwano, lina pamalaya. Munthu wamkulu chonchi, wophunzira, akudya ndi dzanja lakuchimbudzi, akudzithira ngati khanda, mkazi wawo akuonerera. Kwathu mwana akagwira chakudya ndi manzere amamenyedwa padzanja pomwepo. Ine ndinamenyedwapo. Ndinatenga supuni ija m'dzanja mwawo mwaulemu, ndinawapukuta, n'kuyamba kuwadyetsa ndi dzanja langa lamanja. Atamaliza anati, "Zikomo, mphwanga." Ndinabwerera kunyumba ndikudzimva kuti lero ndachitapo kanthu.

Zaka ziwiri zinayenda choncho. Kufika m'mawa, kuwadzutsa, kubafa, kuwadzola mafuta m'miyendo, kuwameta tsiku lachiwiri lililonse, phala. Kenako masewera a mkono ndi mwendo amene anatisiyira a fizio, madokotala owongola ziwalo. Masana chakudya. Kunja kukakhala kosatentha ndinkawakankha mpaka kupaki, iwo n'kumandilozera timiyala kuti nditole. Ankakatembenuza kamwala m'dzanja n'kundiuza dzina lake, ine n'kuiwala tisanafike pageti. Kusamba sanakanepo ngakhale kamodzi. Ndinkawaphimba ndi thaulo pamene pakufunika, ndinkayang'ana kumbali pamene pakufunika, ndipo sitinkalankhula za zimenezo.

Kenako kampani inalemba kalata yoti ikatha nyengo yozizira isiya kugwira ntchito kumbali yathu ino ya kum'mawa. Kwatalika, akutero. Ine ndikhoza kusamukira kumwera kwa mtsinje, achikulire awapezera kampani ina. Chithandizo chawo chimalipiridwa ndi boma, ndipo mmene zawo zinakhalira, boma limangolipira olembetsedwa okhala ndi satifiketi. Munthu wamba ngati ine, kaya umadziwa kusambitsa bwanji, sawerengedwa.

Alamu anandiitanira kukhitchini n'kutseka chitseko.

"Alamu, mukachoka inu, bambowa sasambanso. Mukudziwa. Ine ndi msana uwu sindingawanyamule. Mapeto ake andiuza kuti ndikawasiye kunyumba za okalamba zija."

"Sizingatheke zimenezo."

"Ndiye lembetsani kampani yanuyanu."

Ndinaseka. Iwo sanaseke.

"Alamu, ine wa Sitandade 5?"

"Nanga satifiketiyo ndi ya masamu? Si ya ntchito yomwe mukugwira kaleyi?"

Ndinawakhulupirira. Apo ndiye ndinapusa.

Satifiketiyo si ya ntchito. Ndi ya mapepala onena za ntchito. Umalowa pa intaneti, umatsegula fomu, fomuyo imabala mafomu ena. Pasiwedi ndinaiwala kanayi. Kalata ya kupolisi yoti sindinabepo. Kalata ina yoti ndine woyenera kugwira anthu olumala, ngati zaka ziwiri zonsezi ndinkagwira mbuzi. Inshuwalansi. Pepala la chithandizo choyamba linali litatha nthawi yake, ndinabwereranso m'kalasi kukapumira chidole m'kamwa. Tsiku lina ndinakwera sitima kuchokera ku Midland mpaka m'tauni kukaonetsa nkhope ndi pasipoti, n'kundibweza chifukwa pa laisensi dzina langa lapakati analemba chilembo choyamba chokha. Nkhope ndi yomweyi, munthu ndi yemweyu, koma bwererani. Ndinabwerera. M'sitima ndinakhala moyang'ana kumbuyo ulendo wonse, ndikutukwana chamumtima.

Choipa kwambiri chinali ndondomeko. Amafuna ulembe mmene kampani yako imachitira chilichonse. Wolemba anali mkazi wanga, masiku ake opuma, patebulo lodyera, ine ndikuyankha nditaimirira chifukwa ndikakhala pansi mutu umatentha.

"Munthu akagwa m'bafa mumatani?"

"Ndimamudzutsa."

"Bambo, akufuna tsamba lonse."

"Ndimamudzutsa pang'onopang'ono."

"Musandiseketse, ndatopa ine. Mumayamba mwaona ngati wavulala, si choncho? Mumamufunsa pamene pakupweteka. Mumaimba foni. Mumalemba."

"Nanga poti mukudziwa kale, mayi, mukundifunsiranji?"

"Chifukwa odita, woyendera makampani, akadzabwera adzafunsa inu, osati ine."

Panali ndondomeko ya mmene wantchito angadandaulire za bwana wake. Wantchito ndine, bwana ndine. Ndiye ndidziitanire mu ofesi, ndidzipatse mpando, ndidzikalipire? Panali ya moto, ya mankhwala, ya kusunga chinsinsi, ya zinyalala, ya mmene kampani idzapitirire ine ndikadwala. Imeneyo yokha ndinaimvetsa, ndipo yankho lake lenileni ndinalibe. Fayilo inanenepa mpaka inasiya kutsekeka. Ine ndinakhomapo denga la tchalitchi popanda pepala ndi limodzi lomwe, mpaka lero silidontha.

Masiku amenewo m'nyumba mwathu munalibe mtendere. Mkazi wanga akachoka kushifiti miyendo itatupa, amapeza ine ndikumudikira ndi funso lachingerezi limene ndaliwerenga kasanu osalimva. Tsiku lina anatseka laputopu n'kunena kuti, "Ine ndinakwatiwa ndi kalipentala. Kampaniyi sindinaifunsire." Ndinati nanenso sindinaifune. Kenako anatsegulanso.

Ndondomeko ina inkafuna buku la madandaulo. Ndinagula buku lachikuto cholimba, labuluu, ndinalemba pamwamba ndi zilembo zikuluzikulu, n'kukalipereka kwa alamu. Analilandira ndi manja awiri ngati mphatso ya paukwati n'kuliika pamwamba pa fuliji. Ndinawauza achikulire kuti chilichonse chimene sichikuwasangalatsa alembetse m'menemo. Anayang'ana bukulo, anayang'ana ine, osanena kanthu. Ine ndinati ndiye kuti palibe.

Boma silibwera lokha kudzakuona. Umaitana odita, munthu wa kampani ina yovomerezeka, umamulipira wekha kuti adzakupezere zifukwa. Iyeyo ndi amene amalembera boma kuti uyu mupatseni, kapena ayi. Kwa ife kunabwera mayi wachizungu wa msinkhu wa mkazi wanga, atanyamula kalaputopu. Waulemu kwambiri, ulemu wotopetsa. Anayambira kunyumba kwathu m'mawa kuti aone fayilo, masana ake tikaone achikulire.

Chingerezi changa ndi cha pantchito, chimafika pamene chikufunika basi. Za kugwa ndinayankha. Za mankhwala ndinayankha. Za moto ndinayankha mpaka kumuonetsa pamene tingatulukire ndi njinga. Ankangogwedeza mutu n'kumalemba. Kenako anapempha buku la madandaulo. Ndinali nditakalitenga dzulo lake, ndinalipukuta fumbi. Anatsegula tsamba loyamba, lachiwiri, anafika mpaka pakati.

"Mulibe kanthu," anatero.

"Mulibe," ndinayankha, chifuwa chili patsogolo.

"Mwakhala ndi bambowa zaka ziwiri, tsiku ndi tsiku. Palibe chimene chinawaipirapo?"

"Palibe."

"Vuto likakhala inuyo, angauze ndani?"

Apo ndinakhala bwino pampando n'kuyamba kumufotokozera. Ndinati kwathu munthu sangauze m'maso amene amamusambitsa kuti walakwa. Amauza mkazi wake. Mkazi wakeyo amauza mkazi wanga, kutchalitchi kapena pafoni. Mkazi wanga amandiuza ine ikakwana nthawi yake. Palibe amene wachita manyazi, koma nkhani yafika. Ndinalankhula motalika, ndinkaona ngati ndikumuphunzitsa. Anamvetsera bwinobwino. Anati njira imeneyo si yoipa. Kenako anatembenukira kwa mkazi wanga n'kumufunsa ngati chilipo chimene chinadutsapo panjira imeneyo.

Mkazi wanga anadzuka, akuti akawiritse madzi a tiyi. Tiyi anali kale patebulo.

Ine sindinaganizepo kanthu. Ndinali ndi changu choti tipite kwa achikulire, chifukwa ndinkadziwa kuti kumeneko kulibe mapepala, kuli ntchito yanga. M'mawa ndinali nditawameta, nditawaveka malaya oyera. Alamu anaphika mpunga ndi nkhuku. Ndinawamangirira thaulo pakhosi, ndinakhala pampando wanga, n'kuyamba kuwadyetsa monga masiku onse. Supuni yosadzaza, kudikira ameze, kupukuta pakona pa mlomo pamene samva. Sipanagwe ngakhale njere imodzi. Ndinkafuna mayiyo aone.

Anaona. Anafunsa, akuyang'ana achikulire osati ine, ngati dzanja lawo lamanzere limagwira. Ndinayankha ndine. Ndinati limagwira, ndi lamphamvu, ndi limene amadzikokera nalo pachitsulo cha m'bafa. Anati wafunsa iwowo. Anabwereza pang'onopang'ono, koma funso lina: kodi iwo amafuna kudyetsedwa?

Alamu anayang'ana pansi. Achikulire anameza zimene zinali m'kamwa, ananditembenukira n'kunena kuti, "Mphwanga. Tatuluka. Pang'ono."

Zaka ziwiri ndikuwaona ali chibadwire m'mawa uliwonse, lero ndituluke chifukwa cha mlendo. Ndinaika supuni pansi, ndinatuluka. Ndinakaima kuseri, pachingwe choyanika zovala, pamene panali mabulangete awo amene ndinachapa ndekha. Akhwangwala akuno aja, olira ngati munthu wodandaula, anali pampanda. Sitima inadutsa. Ina inadutsanso. Alamu atandiitana ndinapeza mbale yatha theka, mpunga uli mbwee patebulo, msuzi uli pamalaya oyera aja, supuni ili m'dzanja lawo lamanzere. Mayi wa odita ankatseka laputopu yake. Anandithokoza chifukwa cha nthawi yanga. Ndikanakonda akanangonditukwana.

Madzulo ake ndinamufunsa mkazi wanga.

"Munkadziwa?"

"Alamu anandiuza chaka chatha, titaweruka kutchalitchi."

"Chaka chatha. Ndiye munazisunga kuti zibale?"

"Ndinakuuzani."

"Liti?"

"Ndinati achikulire dzanja lawo lija lalimba ndithu, angathe kumagwira nalo zinthu. Inu munati eya, ndi masewera amene mumawachititsa. Ndinanenanso pa Khirisimasi. Munayamba kundiuza za bambo anu."

"Bwanji osangonena molunjika?"

"Kwa inuyo? Mukanapita m'mawa mwake kukawafunsa ndi nkhope imeneyo. Iwo akanakana. Alamu akanaoneka abodza, ine wamiseche. Kenako mukanakwiya n'kupempha kampani ikupatseni munthu wina. Ankaopa zimenezo. Anati bola kudyetsedwa kusiyana ndi kuvulidwa ndi atsikana aja."

Ndinatuluka n'kukakhala m'galimoto osailiza. Njira imene ndinkamuphunzitsa mzungu ija inagwira ntchito yake. Nkhani inachoka kwa achikulire, inadutsa kwa alamu, inafika kwa mkazi wanga, inalowa m'khutu langa kawiri. Pamene inafera ndi pa ine.

M'mawa mwake ndinawafunsa achikulire ndikuwameta, chifukwa pamenepo munthu sangathawe.

"Achikulire, bwanji simunandiuze?"

Anadikira kuti ndichotse lezala.

"Ndinakuuza."

"Liti?"

"Tsiku loyamba. Ndinagwira supuni. Unalanda."

"Munati zikomo."

"Ndikanati chiyani?"

Ndinati ine ndinkawasungira ulemu. Ndinati dzanja limenelo si lodyera, anthu akanaona akanati chiyani. Anaseka, kuseka kwawo kwa mbali imodzi kuja.

"Anthu ati? Kumgodi. Nyundo kumanja. Buledi kumanzere. Zaka zonse." Anapuma. "Manyaziwo ndi ako." Anakweza dzanja lija, analitembenuza ngati amachitira ndi timiyala ta kupaki. "Latsala ili. Limodzi. Ndi lomweli unatenga."

Ndinamaliza kuwameta. Ndinawacheka pang'ono pansi pa khutu, koyamba chiyambireni.

Lipoti la odita linabwera patapita masiku. Fayilo yonenepa ija anati ili bwino. Zolakwika zinali ziwiri. Choyamba, munthu sakupatsidwa mpata wosankha yekha zimene angathe kuchita. Chachiwiri, alibe njira yodandaulira yosadutsa mwa ine kapena m'banja mwanga. Ndikonze, nditumize umboni, ndiye alembera boma. Apa n'kuti nyengo yozizira ikutha, masiku a kampani akutha nayo.

Ndinatsitsa buku labuluu pafuliji. Achikulire ankanena, alamu ankalemba. Anawerenga mokweza atamaliza, ine ndili pomwepo: "Ndikufuna kudya ndekha. Ndakhala ndikufuna kuyambira kale." Achikulire anasainira ndi manzere, siginecha yokhotakhota ngati njira ya nyerere. Pansi pake panali malo oti bwana wa kampani alembe chimene wachita. Bwana wake ndine. Ndinalemba ndi dzanja langa kuti, "Ndinalakwa. Ndasiya." Mkazi wanga anati odita afuna zambiri kuposa pamenepo. Ndinati aike Chingerezi pansi pakepo, koma asawonjezere liwu. Sanawonjezere.

Za njira yodandaulira, tinapempha mkulu wina wa mpingo wathu, wa ku Bentley, munthu amene sandiopa ngakhale pang'ono. Anavomera kuti azibwera kamodzi pamwezi kudzacheza ndi achikulire ine kulibe. Nambala yake tinalemba mkati mwa chikuto, pamodzi ndi ya ofesi ya boma yolandira madandaulo.

Supuni yawo inali yopyapyala, inkaterereka m'zala. Zilipo zogula, ndikudziwa. Koma ndinali ndi kachidutswa ka thabwa lofiira lakuno m'galaja, ndi tchizulo chimodzi chimene ndinabwera nacho kuchokera ku Kawale. Ndinasema chogwirira chonenepa, ndinawayesa m'dzanja katatu, ndinapala mpaka chinakhala bwino. Mkazi wanga anajambula chithunzi, anajambulanso tsamba la m'buku, tinatumiza. Odita anayankha kuti zakwana, walembera boma.

Boma linangoti phee.

Kampani inatseka tsiku limene inanena. Satifiketi kulibe. Ukaimba foni amati zikuyenda, dikirani. Ine kumwera kwa mtsinje sindinapite, ndinabwerera kokolopa, chifukwa munthu sungangokhala. Kwa achikulire kunayambanso kubwera nkhope zachilendo, lero iyi mawa ina, ndipo iwo anayambanso kugwira malaya. Ndinkapita Lachitatu masana ndi Loweruka, osati ngati wantchito koma ngati mphwawo, kukawasambitsa. Kawiri pamlungu sikukwanira munthu wokhala pampando tsiku lonse. Pantchafu panayamba kufiira, kenako panatuluka kachilonda. Ndinakaona, alamu anakaona, nesi wina anabwera kudzakamanga.

Loweruka lina ndinapeza kabuku konyezimira katabisidwa pansi pa thireyi kukhitchini. Pachikuto panali agogo achizungu akuseka m'munda wa maluwa. Alamu anandipeza ndili nako m'manja.

"Ndinangopita kukaona, alamu. Anandiuza kuti ndikaone."

"Kuli bwanji?"

"Kuli bwino. Ndi koyera. Kuli maluwa."

"Maluwa sasambitsa munthu."

"Ndikudziwa. Koma inu mundiuze, pepala lanulo likubwera liti?"

Ndinakabwezera pansi pa thireyi momwe ndinakapezera.

Chimene chinkandiwawa kwambiri masiku amenewo ndinene, ngakhale sichindikomera. Atsikana achilendo aja, owaitana ndi dzina loyamba, osadziwa kugwada, ankaika mbale patsogolo pawo, supuni yanga yathabwa kumanzere, n'kukhala pambali kumaseweretsa foni. Achikulire n'kumadya. Pofika mlungu wachinayi dzanja linali litachepa kunjenjemera. Chimene ine ndinawamana zaka ziwiri ndi ulemu wanga wonse, iwo anawapatsa osaganizako n'komwe.

Inatenga milungu isanu ndi iwiri. Uthenga unalowa pafoni ndili ndi mopu m'manja, m'kolido ya ofesi ina yopanda anthu. Ndinawerenga katatu, sindinakhulupirire Chingerezi changa, ndinamutumizira mkazi wanga. Anayankha liwu limodzi: "Yatuluka." Sindinadumphe, sindinaimbe nyimbo. Ndinamaliza kolidoyo, ndinatsuka mopu, ndinauyanika. Ndinaimbira alamu. Anangoti, "Mawa mufika nthawi yanji?" Ndinati yomwe ija.

M'mawa mwake ndinagwada pambali pa njinga n'kuwapatsa moni. Achikulire anati, "Wachedwa." Ndinayang'ana wotchi, ndinali ndisanachedwe. Anati, "Milungu isanu ndi iwiri." Kenako anasiya malaya kuti ndiwavule.

Satifiketiyo ili ndi tsiku lothera. Lisanafike tsikulo odita adzabweranso, ndi kalaputopu kake ndi ulemu wake, ndipo ndidzamuitana ndekha. Satifiketiyo ili mu fayilo, sindinaipachike pakhoma. Ndondomeko zambiri za m'fayilomo sindinazitsegulenso chilembereni, ndipo mpaka lero ndimati ndi zopusa. Ya wantchito wodandaula za bwana wake ndimaikumbukira ndikafuna kudzikwiyitsa. Mayi wa odita ujanso sindinamukhululukire, kaya chifukwa chiyani. Mwina chifukwa anaona pa chakudya chimodzi chimene ine sindinaone pa zaka ziwiri, munthu wosadziwa ngakhale kupereka moni wathu.

Kachilonda kanapola. Kabuku ka maluwa kaja ndinakaona m'bini ya mapepala, sindinafunse.

Buku labuluu silikhalanso pafuliji, lili patebulo pafupi ndi dzanja lawo. Achikulire analawa, ndiye sakusiya. Akuti madzi a m'bafa ndimatenthetsa kwambiri. Njinga ndimakankha mothamanga ngati ndikuthamangira minibasi. Ndimalankhula za mpira pamene iwo akufuna kumvera nkhani. Lililonse alamu amalemba akuseka, iwo amasainira, ine ndimakhala pansi ndi cholembera kuyankha. Mkulu wa ku Bentley akabwera amawerenga zonse, amandiyang'ana pamwamba pa magalasi, n'kundiuza kuti ndituluke pang'ono. Ndimatuluka. Pachingwe paja ndapazolowera.

Chakudya cha masana chimene chinkatha msanga, lero chimatenga pafupifupi ola. Ndimaika mbale, ndimaika supuni kumanzere, ndimakhala pampando wanga. Dzanja langa lamanja ndimalikhalira, kulikhalira kwenikweni, pansi pa ntchafu, chifukwa ndikalisiya limanyamuka lokha. Mpunga umagwa. Msuzi umadontha pathaulo. Supuni ikapendekeka panjira amaima, amandiyang'ana ndi diso limodzi kuti aone ngati ndisuntha. Sindisuntha. Koma zimene anandimenyera ndili mwana sizichoka ndi satifiketi. Akamaliza amaika supuni pansi okha, amakankha mbale, ine n'kudzuka kukatenga tsache.